Puloti Yopanda Chitsa

Ndayenda malo ambiri, ndagona m'makomo ambiri, koma khomo limene mtima wanga umabwererako nthawi zonse ndi la a Abson Njobvu ku Nkomeshya. Iwo ndi akazi awo a Tisauke anachoka ku Katete akadali achinyamata, napatsidwa munda pakati pa Asoli, eni dziko. Pakhomopo tsiku linkayamba ndi nyimbo ya Mulungu, ndipo mlendo sankafunsidwa kuti achoka liti. Makomo otere akutha masiku ano.

Chuma chawo chonse chinali ng'ombe ziwiri zolima: Bantomu yofiira, ndi Chikumbu yakuda, ya nyanga imodzi yopindikira pansi. A Abson sankazimenya. Ankangozitchula maina n'kuliza kamluzu kawo, izo n'kumakoka pulawo ngati zikumva Chinyanja.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi, Teddy. Anakula bwino, woimba kwaya, wodziwa kugwada popereka madzi. Atakwatira Clotilda, mtsikana wa ku Kasisi, anapeza ntchito m'sitolo ya simenti ndi malata ku Silverest. Tsiku ndi tsiku ankakweza pagalimoto malata a nyumba za anzake, iye akugona m'kachipinda ka lendi. Nsanje inamera pamenepo.

Amene anaithirira madzi anali Elvis, mnyamata wa nsapato zosongoka amene ankagulitsa mapuloti.

"Boi, uzankhala pa lendi mpaka imvi?" anatero Elvis. "Nili na puloti ya mtengo wa nkhuku. Yosalala monga tebulo, kulibe chitsa olo chimozi. Ba bwana ba mu tauni baifuna, koma nakusungila iwe."

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Teddy anatenga bambo ake kuti akaone malowo. A Abson anaima pakati pa pulotiyo. Dothi linali lakuda, long'ambika ming'alu yolowa dzanja. Anawerama, natola chigoba cha nkhono, kenaka analoza kadzenje ndi ndodo yawo.

"Teddy, mitengo ili kuti?"

"Ndiye ubwino wake, atate. Kulibe vogwetsa."

"Mitengo ili uko kumtunda. Apa inakana kumera, ndiye iwe ufuna umerepo? Nanga una uwu, nkhanu imakumba pouma? Ili ni dambo, mwana wanga. Malo saonera mu Okutobala. Ubwere mu Febuluwale. Ukapeza mapazi ako ouma, ugule."

Elvis anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Ba mudala, ma puloti siyayembekeza mvula! Kuno ni tauni manje, si kumunda."

"Nanga njira yofika pano ili kuti?"

"Izabwela. Giledala ipita mwezi wa mawa chabe."

Pobwerera kumudzi, Teddy anapempha kuti ng'ombe zigulitsidwe, adzabweza akakhazikika. A Abson anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Zija si ng'ombe chabe. Ni manja anga."

"Dikira, mwana wanga," anawonjeza a Tisauke. "Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chinthu chabwino satsatsa mothamanga chonchi."

Teddy anati wamva. Koma foni ya Elvis sinaleke kulira m'thumba mwake.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, kunagwa maliro ku Katete. Makolo ananyamuka, nasiyira Teddy khola. Lamulungu m'mawa, mudzi wonse uli kutchalitchi, iye anatsegula kholalo n'kudutsa nazo ng'ombe kuseri kwa minda mpaka kumsewu. Kumeneko kunali Elvis ndi lole, pamodzi ndi wogula, bambo wamtali dzina lake Cheelo, amene ankanyamulira anthu omanga mchenga ndi madzi pangolo.

"Ni zako zoona izi?" anafunsa Cheelo.

"Ni zanga. Atate ananipatsa."

Chikumbu inakwera. Bantomu inakana, inalimbitsa miyendo pansi. Anaikoka, anaikankha, osatheka. Ndiye Teddy ananyowetsa milomo, naliza kamluzu ka bambo ake. Ng'ombeyo inatukula makutu, n'kukwera yokha.

Makolo atabwerako, Teddy anawalandira ndi misozi yokonzeratu: akuba athyola khola. A Abson anayenda kupolisi, m'mabutchala, mpaka kumidzi ya ku Rufunsa. Teddy ankayenda nawo, akuitana m'tchire, "Bantomu! Chikumbu!" Kutchalitchi a Tisauke anaimirira n'kupempha Mulungu kuti afewetse mtima wa wakubayo, ndipo mwana wawo anayankha nawo Amen. Za puloti imene anagula anauza aliyense, ndi Clotilda yemwe, kuti walandira chilimba, ndalama zimene amasonkherana kuntchito.

Tchimo lili ndi mwayi wake woyamba, umene umapusitsa munthu. Chaka chimenecho ndi chija cha chilala chachikulu. Febuluwale anafika, kumwamba kuli mbee. Teddy anaima pa puloti yake, najambula nsapato zake zafumbi n'kutumiza chithunzi kwa mayi ake.

"Muonetse atate. Mapazi yanga ni youma."

Kumudzi a Abson anali atalima ndi khasu kachigawo kochepa ka munda, msana ukulira. Chimangacho chinapsa chisanamasule. Anzawo ankagulitsa ng'ombe imodzi n'kugula chakudya; iwo analibe chogulitsa. A Tisauke, mayi wamkulu, anayamba kuyenda maganyu m'mafamu. Teddy ankabwera ndi kathumba ka ufa mwa apo ndi apo, iwo n'kumudalitsa.

Kumanga kunayamba. Mmisiri atakumba pang'ono anapukusa mutu: dothi lotere limatupa likamwa madzi, limanyala likauma, ndiye maziko afunika akuya, a miyala ndi zitsulo.

"Mufuna kunidyela chabe," anatero Teddy. "Mangani monga banzanu."

Mwini puloti ya kumtunda anamanga mpanda wa njerwa pamene Teddy ankadutsa, ndipo mabuloko ake anafika atasenzedwa pamutu, kuzungulira kutali. Giledala sinabwere. Foni ya Elvis inaleka kupezeka. Komabe zipinda ziwiri zinaima, chimbudzi anakumba apa, chitsime apo, nalowa m'nyumbamo ndi Clotilda ndi mwana wawo wakhanda. Mng'alu woyamba pakhoma Teddy anaubisa ndi kalendala.

Kenaka mvula inabwerera ndi ukali wa zaka ziwiri.

Madzi sanalowere kudenga. Anatumphuka pansi, m'ming'alu ya simenti, ngati nyumba ikutuluka thukuta. Pabwalo panasanduka thamanda, achule akuimba pakhomo. Chimbudzi chinadzaza n'kusefukira, zonyansa zinalowa m'chitsime. Mwana anayamba kutsegula m'mimba.

"Tiyeni tichoke, ba Teddy," anatero Clotilda.

"Tichoke tiyende kuti? Banthu bazaseka. Yazaphwa aya manzi."

Sanaphwe. Clotilda anaimbira apongozi ake mobisa, ndipo m'mawa mwake a Abson anatsika minibasi kumsewu waukulu, napinda thalauza n'kuwoloka ndi ndodo yawo. Sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Mangani katundu." Panalibe woyendetsa galimoto amene analola kulowa m'matopemo, ndiye mayi wina woyandikana nawo anati adziwa munthu wa ngolo wa cha ku Kasisi, namuimbira.

Ngolo inafika dzuwa lili pamutu. Teddy anali m'nyumba, akukulunga matilesi. A Abson anaona ng'ombe ziwiri zikubwera m'madzi, zowonda, misana ili ndi zipsera za mkwapulo. Ina yofiira. Ina yakuda, nyanga imodzi yopindikira pansi.

Ndodo inagwa. Nkhalambayo inathamanga m'madzi ngati mnyamata, n'kugwira Cheelo pakhosi pa malaya.

"Wakuba! Anthu inu, wakuba uyu! Ng'ombe zanga izi!"

Anthu anatuluka m'mipanda, ena atatola kale miyala.

"Ba tate, nisiyeni!" anakuwa Cheelo. "Nenze nagula masana, pamsewu, pamaso pa banthu. Mwine wake anabwela nazo yeka." Anatembenuka, maso ake n'kugwera pakhomo la nyumba. "Si uyo! Uyo wanyamula matilesi. Anakamba ati munamupasa ndimwe."

 Matilesi anatsetsereka pamutu pa Teddy n'kugwera m'madzi.

"Ba Teddy," anatero Clotilda, "chilimba chija ni ichi?"

Teddy anatsika pakhomopo. Anagwada momwemo m'madzi onunkha aja, pamaso pa mkazi wake ndi anthu osawadziwa. Bambo ake sanamuyang'ane. Anamasula dzanja pa malaya a Cheelo, nawongola kolala imene anaikwinya.

"Pepani, bambo. Nakutchulani dzina losakhala lanu." Kenaka anati, "Mwana adwala. Akwere poyamba ni amake."

Atakweza katundu, mawilo anamira m'dothi lakuda lija mpaka pakati. Cheelo anakalipira ng'ombe, sizinasunthe. Anakweza mkwapulo, koma a Abson anamugwira mkono. Anapita kutsogolo, naima pakati pa mitu iwiriyo.

"Bantomu. Chikumbu. Tiyeni, ana anga."

Analiza kamluzu kaja. Ng'ombe zinatukula makutu, zinagwetsa makosi m'goli, ngolo n'kutuluka m'matope. Teddy ankakankha kumbuyo, nkhope ili pansi. Mluzu umenewo unamulasa kuposa mkwapulo uliwonse, pakuti ankakumbukira tsiku limene unalira komaliza.

Atafika pamsewu wa tala, Bantomu inanunkhiza dzanja la a Abson n'kulinyambita. Anaisisita pamphumi nthawi yaitali. Cheelo anayang'ana kumbali.

"Munagula, ni zanu," anatero mkuluyo. "Koma musamazimenye. Zimamva mawu."

Anaima pamsewu mpaka ngolo inazimiririka. Sabata isanathe, khoma la kalendala lija linagwa, denga n'kutsatira.

Mwana anachira kuchipatala, Mulungu ngwachifundo. Clotilda anapita naye kwawo ku Kasisi, ndipo panadutsa miyezi asanalole kubwerera. Teddy anafika ku Nkomeshya yekha, nakhala pansi pafumbi kutsogolo kwa mayi ake. A Tisauke analira osafuula.

"Nthawi yonseyi n'nali kupempherera wakuba," anatero, "osadziwa kuti n'namuyamwitsa ndine."

Lamulungu lotsatira Teddy anaimirira mumpingo umene anayankhiramo Amen wabodza uja, naulula zonse. Atabwera kunyumba anagwadira bambo ake, nafunsa chimene angachite. A Abson analoza goli limene linali litapachikidwa pamtengo wa mango kuyambira tsiku lija, chiswe chitayamba kulilawa.

"Nakukhululukira, ndiwe mwana wanga. Koma goli ilo lilibe makosi. Tenga khasu."

Nditadutsako chaka chino ndinamupeza m'munda, akulima yekha mizere imene ng'ombe ziwiri zinkamaliza dzuwa lisanatenthe. Anandipatsa moni maso ali pansi. Sanabwererenso kukwaya, akuti mawu amamutsamwa. Puloti ija ndinaionanso. Akakowa amatera pa zidutswa za khoma, ndipo chapafupi pomwepo wina wakhoma kale chikwangwani chatsopano, kudikira Okutobala ndi mnyamata wina wothamanga mtima.

Ananu, ndi inu nonse amene mukulota nyumba yanuyanu, kufuna malo si tchimo. Koma malo otchipa afunseni chimene atchipira, ndipo muwaone mvula ikugwa musanapereke kanthu. Koposa zonse, musamange ndi chakuba, ngakhale mutaba kwanu komwe n'kumati mudzabweza. Dambo limatha kuuma chaka chathunthu, koma siliiwala madzi ake. Tchimo nalo n'chimodzimodzi: mukalikwirira, limadikira nyengo yake, n'kudzatumphukira m'nyumba mwanu momwe, masana, anthu onse akuona.