Thumba Lokoleka Mmwamba

Hiske Boonstra akalowa m'chipinda sankayamba ndi nkhope ya munthu. Maso ake ankathamangira pansi pa bedi, pomwe pamalendewera thumba la mkodzo. Akaona kuti lili mmunsi ndipo kapaipi ka katheta sikanapindike, m'pamene ankapereka moni. Zaka 19 zosamalira okalamba ku Aldeterp zinamuumba choncho.

Lachiwiri masana anabwerera kuntchito atapuma masiku atatu. Nkhungu inali itameza ngalande ndi milatho yake. Cha m'ma 3 koloko analowa m'chipinda nambala 12. Pansi pa bedi panalibe kanthu. Bambo Wybe Talsma anali pa chikuku pafupi ndi zenera, thumba litakolekedwa pa chogwirira chakumbuyo, pamwamba pa chiuno chawo. Mkodzo unkabwerera m'thupi.

"Zauchitsiru izi wachita ndani?" anatero akulitsitsa.

Mkuluyo anali atatentha thupi ngati mbaula, koma ankamwetulira.

"Hiske, mwanawe, madzi aundana. Tamuone Sjoukje uyo akutsetsereka, wavala chipewa chake chofiira."

Sjoukje, mkazi wawo, anamwalira kalekale.

"Kunabweranso kakowa," anapitiriza. "Wamtali. Anandigwira dzanja ndi mlomo wozizira."

Hiske anayang'ana dzanjalo. Mphete yaukwati panalibe. Inakhala pachala chotupacho zaka 52, ngakhale sopo inkaikanika. Tsopano chalacho chinkanyezimira ndi mafuta oterera aja olowetsera katheta, asanaume n'komwe.

Sajeni Roorda wa kupolisi anafika 4 koloko itapitirira. Mayi Veenema, oyang'anira nyumba ya okalambayo, anamuthirira khofi ndi kumupatsa bisiketi imodzi.

"Ndi mphete yachitatu mwezi uno," anatero mayiwo osamuyang'ana Hiske. "Zonse zasowa mbali yomwe amagwira iyeyu."

"Mwini wake akuti chiyani?" anafunsa Roorda.

"Akuti yabedwa ndi mbalame. Akubwebweta."

Hiske anapinda manja. "A Sajeni, kwanu madzi amakwera phiri?"

"Kwathu kulibe phiri, mayi. Ndine wakonkuno."

"Ndiye mvetserani. Thumba limakhala mmunsi mwa chikhodzodzo. Zimenezi timaphunzira sabata yoyamba, tisanadziwe n'komwe kuli chimbudzi. Ukalikweza, mkodzo umabwerera, munthu amadwala. Bambo awa akulota masana chifukwa wina wakhala akulikweza masiku onse ndinachokapowa. Funani wovala yunifolomu yemwe sanapondeko m'kalasi."

"Antchito anga onse ali ndi mapepala," anatero Mayi Veenema. "Hiske, uyambe wakhala kunyumba mpaka nkhaniyi ithe."

Hiske anapalasa njinga m'nkhungumo osaona ngakhale gudumu lakutsogolo.

Lachitatu 10 koloko mmawa, Roorda anakhala m'chipinda chochezera atavala ngati mlendo, nyuzipepala m'manja. Sankayang'ana nkhope. Zikuku zinkadutsa phee ngati mabwato, matumba ali mmunsi pafupi ndi magudumu. Choyamba, chachiwiri, chachisanu. Kenako anatulukira Marrit Kuipers, namwino waganyu yemwe anabwera mwezi womwewo. Wamtali, wa khosi lalitali, woyera mbuu. Ankakankha gogo wina akuimba kanyimbo, thumba likugwedezeka pa chogwirira ngati kachikwama ka kumsika.

Roorda anapinda nyuzipepala.

"Anamwino, munaphunzira kuti?"

"Kumzinda. Bwanji?"

"Kumeneko mkodzo umakwera mmwamba?"

Marrit anayang'ana thumbalo, kenako chitseko. Pachitseko panali wapolisi wina.

M'galimoto mwa Marrit munali katoni ya matewera a akuluakulu. Roorda anawafunyulula limodzilimodzi. Mphete zitatu zinagwera pampando. Mapepala aunamwino a Marrit anali a msuweni wake.

"Unkaganiza kuti palibe angapisemo dzanja?"

"Ndani amafuna?" anatero Marrit. "Komanso anthu awa apita nazo kuti mphetezo?"

"Tambasula manja."

Unyolo unalira kamodzi.

Lachinayi Hiske anaitanidwa. Anapita kaye ku nambala 12. Mankhwala anali atayamba kugwira, thupi likuzizira. Anapaka mafuta omwe aja pachala, mphete n'kulowa bwinobwino.

"Madzi asungunuka," anadandaula Bambo Talsma. "Sjoukje sindikumuonanso."

"Akudikirani. Musapupulume, a bambo, mwendo wanuwo si wothamangira akazi."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

Mayi Veenema anaima pakhomo ndi keke ya maapozi.

"Tinalakwitsa, Hiske. Zimachitika. Mawa 7 koloko ngati kale, eti?"

Hiske anatuluka, mayiwo akumutsatira. Anapita kukabati yake, nayamba kulonga m'chikwama: nsapato zoyera, kapu yothyoka chogwirira, kawotchi kapachifuwa. Makiyi anawaika pambali pa keke.

"Zaka 19, mayi. Tsiku limodzi lokha linakwana kuti ndikhale mbala. Kutsidya kwa ngalande akufuna anthu, ndayankhula nawo kale."

"Nanga Bambo Talsma?"

"Ndizibwera Lamlungu ngati mlendo. Ndipo mukudziwa pomwe ndidzayambe kuyang'ana."

Podutsa pa nambala 12 anawerama. Thumba linali mmunsi, mkodzo ukudontha pang'onopang'ono, woyera bwino. Anatseka zipi ya chikwama, nachikoleka paphewa.