Nambala ya Pamphumi

Nkhaniyi ndinaimva kwa amalume anga, ndipo chisanu cha Juni chikandilowa m'mafupa ndimaikumbukira pamodzi ndi mapiri a kwathu.

Alufeo anabwerera ku Mphunzi mu 1912, atatha zaka zisanu ndi zinayi kum'mwera, kupitirira Halale. Anapeza mkazi wake Filomena ali kumanda, mvula ziwiri zitagwa kale pamtumbira. Kum'mwerako ankagwira ntchito pa yunivesite ina yaikulu ya boma. Anaiona ikukula ndi maso ake. Zipinda zitatu za malata zinasanduka nyumba za miyala, nsanja ya wotchi, nyumba ya mabuku ndi ophunzira mazanamazana. Koma iye ankakhala m'chipinda chapansi, mosungira zigaza za anthu. Popeza anaphunzira kulemba kumishoni, ntchito yake inali kulemba nambala pamphumi pa chigaza chilichonse ndi inki yakuda. Anasiyira pa 212. Nambala 2 ankaipinda mchira ngati wa bilimankhwe.

Madzulo ena ali pakhonde pa mlamu wake Falesi, amene ankakonola chimanga, kunatulukira mzungu ndi amtengatenga anayi atasenza mabokosi opanda kanthu. Alufeo anamuzindikira. Anali Dotolo wa chipinda chapansi chija.

"Sukulu yathu yatchuka dziko lonse," anatero Dotolo m'Chingerezi. "Tili ndi mitu ya mitundu yambiri, koma ya anthu a m'mapiri ano tilibe. Ndikufuna khumi. Undilondolere kumanda."

"Kumandako kuli mkazi wanga."

"Wakufa samva kuwawa. Athandiza maphunziro."

"Maphunzirowo akayambire pa mutu wa amayi anu, Dotolo."

Falesi anakodola mlamu wake. "Alamu, akuti chiyani wofiira makutuyu?"

"Akufuna mutu wa achemwali anu."

Falesi anaika lichero pansi. "Auzeni kuti wanga ndi uwu. Abwere adzauchotse okha, tione."

Dotolo anaseka. Anasiya cholembera ndi botolo la inki pakhondepo, nati mawa ntchito iyamba. Kenako anakakhoma tenti pafupi ndi msitu wa manda. Amtengatenga anakana kugona kumeneko.

Kutada, Alufeo anaponya cholembera ndi botolo lija m'thumba kuti akaziphwanye pamwala. Anatenga nkhwangwa nakakhala pakanjira ka pakati pa tenti ndi manda. Nkhungu inatsika m'phiri. Mwezi unkangooneka mbuu. Agalu a m'mudzi anasiya kuuwa onse pamodzi.

Anamva mapazi.

Ankachokera kum'mwera, ambiri, oyenda motopa. Panalibe ng'oma, panalibe wotsokomola. Woyamba anatuluka m'nkhungu, bambo wamtali, fumbi mpaka m'maondo. Pamphumi pake panali 1. Wachiwiri anali ndi 2, wopinda mchira.

 Miyendo inkamuuza Alufeo kuti athawe, koma kumbuyo kwake kunali Filomena. Anaimirira pakati pa njira, nkhwangwa m'manja.

"Apa sipadutsa munthu," anatero.

 Anthuwo anamulambalala uku ndi uku, mmodzimmodzi, nalowa m'msitu. Iye ankawerenga osafuna. Womaliza, 212, anali mayi wamfupi. Anaima natambasula dzanja.

"Cholembera."

"Ine sindilembanso munthu."

"Sitinati ulembe."

Zala za mayiyo zinamukhudza, zozizira ngati madzi a m'phanga. Alufeo atagwira m'thumba, munalibe kanthu. Anakhalabe pomwepo mpaka tambala woyamba.

Kutacha, amayi opita kukatunga madzi anapeza Dotolo atakhala pansi m'mphepete mwa manda, wopanda nsapato, fosholo ili m'manja yosakhudza dothi. Sankayankhula. Pamphumi pake panali 213.

Amtengatenga anamutsuka ndi sopo, kenako ndi mchenga, mpaka khungu kutuluka magazi. Nambala sinachoke. Ananyamuka tsiku lomwelo, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso, mabokosi opanda kanthu aja akulira ndi mphepo.

Mtumbira wa Filomena unali bwinobwino. Pozungulira pake panali mapazi ambirimbiri opanda nsapato, onse oloza kunja.

Ena ankati Alufeo analemba yekha mzunguyo ali m'tulo. Iye ankangotambasula zala kuti aliyense aone, zopanda ngakhale dontho la inki. Cholembera sanachigwirenso mpaka imfa yake. Koma Falesi, amene anaiona nambalayo pafupi, ankanong'oneza anzake pamtondo kuti 2 uja anali wopinda mchira.