Tandiyang'anani, Achemwali

Christobel ananyamuka pa Songani mdima utagwa kale. Kwawo ku Malemia netiweki imavuta, choncho anaswera pakhonde la sitolo akudikira mpata wotumiza kafukufuku wake ku makompyuta amphamvu otchedwa a kwantamu, a kunja kumene amagwira ntchito. Pamene zotsatira zimabwera, akabaza onse anali ataweruka. Anaponya laputopu m'chikwama nauyamba wapansi.

M'njira ankalingalirabe za ntchitoyo. Tinthu towerengera m'makina amenewo timatha kukhala mbali ziwiri nthawi imodzi, malinga wina asatiyang'ane potiyeza. Ukangotiyeza, timagwera mbali imodzi, osabwereranso.

Atayandikira kamlatho ka pafupi ndi manda, anakumbukira malangizo a mayi ake: pamenepo satembenuka, ngakhale wina akuitane.

Kenaka anamva mapazi kumbuyo. Tchapa... tchapa... ngati a munthu wovuuka m'madzi. Koma munali mu Okutobala, mtsinje utaphwa.

Anafulumira. Mapaziwo anafulumiranso. Kamphepo kozizira kanamukhudza m'khosi.

"Achemwali," anatero mawu otopa a mwamuna. "Tandiyang'anani."

Christobel anaima, osatembenuka.

"Onse amangothawa. Kumanda akuti sindine wawo. Kunyumba amayi amandisiyira chitseko chosatseka. Ndatopa kukhala konsekonse."

Chikwama chinalemera. Akatembenuka, afikanso kwawo? Komabe mawuwo anawamvetsa, ndipo ankadziwa bwino chimene kuyang'ana kumachita.

"Ndikakuyang'anani, simubwereranso," anatero Christobel.

"Ndikudziwa."

Anayatsa tochi ya pafoni. Anatembenuka...

Mayo! Bambo wamtali, malaya a buluu ali matope okhaokha. Madzi akuchucha m'mphuno. M'maso muli mchenga! Anamwetulira, nawomba m'manja kuthokoza, koma manjawo sanamveke. Kenaka panalibe munthu. Pafumbi panangotsala kathamanda ka madzi.

Christobel analiyatsa liwiro, nakagwera pakhomo ali wefuwefu. Mayi ake anamvetsera zonse atagwira pakamwa.

"Wati malaya a buluu? Wamtali?"

"Eya, amayi. Ndani ameneyo?"

"Iwe mwana iwe, unatembenukiranji? Ameneyo ndi Spencer, mwana wa a Nabanda a kutsidya kwa msewuku. Anakokoloka ndi madzi osefukira pamlatho pomwepo zaka zapitazo, iwe uli kunja. Mtembo sunapezeke. Achibale atafuna kuika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake, amake anakanitsitsa, ati mwana wawo ali moyo, abwera. Mpaka lero sanalirepo, ndipo chitseko chawo sichitsekedwa."

Asanamalize kunena, kutsidya kwa msewu kunamveka chitseko chikulira potsekeka pang'onopang'ono... gwa!



Kenaka mfuu ya nkhalamba inang'amba mdima:

"Mwana wanga ine! Spencer wandisiya, mayo!"