Funso Lokoma la Kamafunso

Kunyumba onse ankamutcha Kamafunso. Pakamwa pake sipankatha mafunso.

Chikondwerero chinali pafupi. Nyumba iliyonse inkaphika maswiti okhota.

Aphunzitsi anati, "Kamafunso, mawa udzatiuze. Anayamba kukhotetsa switi ndani?"

Kamafunso sankadziwa. Anaopa kuti anzake adzamuseka.

Anathamangira kwa amalume ake, atelala.

"Amalume, anakhotetsa switi ndani?"

"Anali mbusa," anatero amalume. "Ankafuna switi yonga ndodo yake."

Anathamangira kwa azakhali ake, ogulitsa tomato.

"Azakhali, anakhotetsa switi ndi mbusa?"

"Mbusa wa kuti? Amalume akowo bodza amachita kusoka pa makina! Anali mayi wa ana khumi. Ankakoleka maswiti pachingwe kuti ana asafikire."

Mbusa? Mayi? Mutu wa Kamafunso unazungulira.

Anathamangira kwa abambo a pagolosale. Anawauza za mbusa ndi za mayi uja.

"Onsewo akukunamiza," anatero abambowo. "Anali wophika waulesi. Anakhalira switi yotentha. Anadumpha, koma switi inali itakhota kale!"

Mbusa? Mayi? Wophika? Funso limodzi, mayankho atatu! Kamafunso anasokonezeka zedi. Misozi inalengeza m'maso.

Anabwerera kunyumba. Kukhitchini, amayi ake ankatakasa shuga mumphika.

"Amayi, akunena zoona ndani?"

"Kaya, mwanangu. Ine kunalibe. Samba m'manja undithandize."

Amayi anamupatsa switi yofunda, yofewa. Kamafunso anaikhotetsa pang'onopang'ono. Anaiika patebulo. Kashuga kena kanadonthera m'munsi mwake.

Kamafunso anayang'ana. Anayang'ananso.

"Amayi, taonani! Chizindikiro cha funso!"

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. "Eee, switi yafanana ndi mwini wake!"

M'mawa, Kamafunso anaima kutsogolo kwa kalasi. Anasimba za mbusa. Anasimba za mayi wa ana khumi. Anasimba za wophika waulesi.

"Nanga zoona ndi ziti?" anafunsa aphunzitsi.

Kamafunso anakweza switi yake m'mwamba.

"Yankho sindinalipeze, aphunzitsi. Koma funso lake ndi ili. Ndi lokoma!"

Anzake anaseka, koma sanamuseke iye. Onse anawomba m'manja.

Pa tsiku la chikondwerero, banja lonse linasonkhana.

"Anali mbusa!" anatero amalume.

"Anali mayi!" anatero azakhali.

Kamafunso anakhala pakati pawo. Mutu sunazungulirenso. Iye ankangonyambita funso lake.