Tsiku Limene Chrissie Analowa kwa Apongozi

Pakhomo pa a Yotamu Mwangolera, kumtunda kwa Mlare, anthu anali atasiya kupatsana moni. Mbale ya phala inkalowa m'nyumba mwa mkuluyo yodzaza, n'kutulukamo yodzazabe, zolawako zili ntchentche zokha. Ndipo aliyense ankadziwa woti amuloze chala: Chrissie, mkazi wa mwana wawo Manase.

Chrissie sanali wakuno. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo ku Karonga anabwera ndi achimwene ake amene ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale. Achimwenewo atasamutsidwa, iye anatsala, mtima utakodwa ndi Manase, msodzi wamtali wosalankhulalankhula amene nyengo ya usipa ankakhalitsa ku Ngara. Ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ukwati unadalitsidwa m'tchalitchi, ndipo kunabadwa mwana wamkazi, Febby.

Atangolowa m'banjamo, amayi a m'mudzi anamukhazika pansi n'kumulangiza. Mkamwana, ndilo dzina la mtengwa kuno, saonana maso ndi apongozi ake aamuna. Salowa m'nyumba mwawo, satchula dzina lawo, ndipo akawaona panjira apatuke, alowe patchire. Chrissie anasunga zonsezi osanyinyirika. Anapatuka mpaka minga ya m'njira zonse za ku Mlare inamudziwa miyendo.

Kenaka a Yotamu, mkulu wa mpingo amene mawu awo ankagwedeza malata a tchalitchi, anagwa m'munda wa chinangwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Akazi awo anali atamwalira kalekale. Mwana wawo wamkazi Towera, amene ukwati unamukanika n'kubwerera pakhomo, ndiye ankawalowetsera chakudya, koma mwana wamkazi savundukula bulangete la bambo ake. Imeneyo inali ntchito ya Manase. Manaseyo akabwera kuchokera kunyanja ankaigwira mothamanga, nkhope itayang'ana kudenga, kenaka n'kubwerera kwa usipa wake atasiya mawu kwa msuweni wina amene ankafika tsiku lokhalo limene wakumbukira.

Musati mpingo unawataya, ayi ndithu. Lamulungu lililonse mapemphero akatha, anthu ankandondozana kudzawaona. Patsogolo pankakhala a Kenan, mng'ono wawo wa a Yotamu, nawonso mkulu wa mpingo, atavala jekete ngakhale dzuwa la ku Karonga likuswa mtengo. Pambuyo pankabwera amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, wotsogolera ali Towera yemweyo. Ankaima pabwalo, kuimba mpaka thupi kuchita tsembwe, kupemphera, a Kenan n'kusuzumira pakhomo kufunsa ngati akulu awo agona bwino. Akatero, gulu lonse linkabwerera mitima ili mbee, ati takaona odwala. Chrissie ankaimba nawo ali kuseri kwa nkhokwe, koma fungo lochokera m'nyumbamo linkamufika komweko, ndipo linkamusowetsa mtendere.

Mlandu unagwa Lamulungu la Mgonero, tsiku limene Chrissie anayenera kuvekedwa bulauzi yoyera ya Umanyano. Anachedwa kunyamuka chifukwa Febby anavuta posamba. Belu litalira, mudzi wonse unali utapita. Akudutsa kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, anamva chinthu chikugwa kuti khu! Kenaka kubuula, kubuula kwa munthu amene mpweya ukumuthera.

"Alamu! A Towera!" anakuwa. Kunali zii.

Anathamangira kumsewu, koma kunalibe ngakhale wodutsa. Anabwerera, naima pakhomopo. Ankadziwa bwinobwino chimene khomo limenelo linali kwa iye. Kubuula kuja kunayamba kuchepa.

"Ambuye, mukuona nokha," ananong'ona, natsitsa mwana, nalowa.

Anawapeza atagwa kuchoka pabedi, ali chafufumimba, nkhope ili m'zonyansa zawo zomwe. Mphasa inali itawola, ndipo msana wonse unali zilonda. Chrissie anawatembenuza, nawapukuta kukamwa kuti apume. Anatenthetsa madzi, nawasambitsa thupi lonse maso ake atawerama, nawayalira mphasa ya m'nyumba mwake. A Yotamu anangophimba nkhope ndi dzanja lawo lamoyo lija, misozi ikudutsa m'mipata ya zala.

Kutchalitchi dzina la Chrissie linaitanidwa, koma sipanaimirire munthu. Towera anabwerera kunyumba akufuka ndi mkwiyo, ndipo anakumana naye maso ndi maso akutuluka m'nyumba mwa bambo ake, beseni lili m'manja.

"Mayo ine! Alamu, mwachita chiyani?" Towera anagwira kumutu. "Mwawavula adada? Inu, mkamwana? Kwanu ku Ntcheu mumatero?"

"Kwathunso apongozi timawaopa, alamu. Koma ndinawapeza akutsamwa. Ndinaitana, panalibe munthu."

"Bwanji simunathamangire kutchalitchi?"

"Ndikanawapeza atatha."

"Ndiye bola mwawapha ndi manyazi? Mwatilaula! Mudzi uno tiyendamo bwanji?"

Kuyambira tsiku limenelo a Yotamu anakana chakudya. Towera akabwera ndi phala, ankatembenukira kukhoma. Akabwera ndi nthochi zophika, ankatseka pakamwa. Ankangonyowetsa milomo ndi madzi basi. Nkhani inawanda mpaka kudziwe kochapira, ndipo amayi amene ankakhala benchi limodzi ndi Chrissie anayamba kusendera akamuona. Mmodzi yekha, mayi Emma, ndiye anamugwira dzanja panjira, koma nawonso anayamba acheuka uku ndi uku.

Manase anafika kuchokera ku Ngara atamva kale zonse. Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko mpaka Febby analira.

"Iwe, wandichititsa manyazi otani? Anzanga kunyanja akundiseka, ati mkazi wako waona adada ako!"

"Bambo a Febby, khalani pansi ndikufotokozereni."

"Ufotokoza chiyani? Sanakulangize?"

"Anandilangiza, ndipo ndasunga zaka zonsezi. Koma kutchalitchi komwe munandikwatirirako anandilangizanso kuti wodwala ndi Ambuye amene. Ndikanawasiya afe, ine n'kupita kukadya Mgonero? Mkate umenewo ukanadutsa pakhosi panga?"

"Usandilalikire!"

"Sindikulalika. Ndikungofunsa, msana wa bambo anu munauona liti?"

Manase anatukula dzanja, koma analitsitsa. Anatuluka, chitseko n'kuliranso.

Mawa lake a Kenan anaitanitsa banja pansi pa mtengo wa mango. Analankhula Chitumbuka nthawi yaitali, Chrissie atagwada chapatali, akutola mawu apa ndi apo. Potsiriza anatembenukira kwa iye m'Chichewa, mofatsa, monga amalankhulira pogawa Mgonero.

"Mwana wanga, sitikuti unali ndi mtima woipa. Koma akulu anga akufa ndi manyazi. Malinga uli pakhomo pano, sadzadya. Tagwirizana kuti upite kaye kwanu."

Chrissie anali atakhalitsa kuno, ndipo ankadziwa kuti "kaye" wotereyu sabwererako munthu.

"Nanga Febby?" anafunsa.

"Mwana ngwa pano," anayankha Towera msanga. "Ng'ombe zinapita."

Chrissie anakwawa ndi mawondo mpaka pamapazi a a Kenan, misozi ili chuchuchu. "Bambo, ndilandeni chilichonse. Bulauzi ija sindiifunanso, ngakhale kundichotsa mu mpingo ndichotseni. Koma mwanayu sagona popanda kundigwira khutu. Inu ndinu mkulu wa mpingo, ndichitireni chifundo!"

A Kenan anayang'ana nsapato zawo. "Za mpingo n'za mpingo, mwana wanga. Izi n'za pakhomo."

Chrissie anacheukira kwa mwamuna wake. Manase ankakumba pansi ndi kamtengo, ndipo sanadzutse mutu. Kukhala chete kumeneko kunamupweteka Chrissie kuposa mawu onse a Towera. Anapukuta nkhope ndi chitenje.

"Chabwino. Ngati kuchoka kwanga kungawadyetse, ndichoka."

Kutacha anamanga katundu wake. Khadi ya chipani anaimangirira pakona ya chitenje, poti popanda iyo sakanakwera lore yopita ku Chilumba kokadikira sitima ya pamadzi. Towera anali atamunyamula kale Febby, mwana akuphiriphitha n'kumakuwa amake. Chrissie anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti atsanzike odwalawo. A Kenan analola, bola asalowe.

Anapita kuseri kwa nyumba, nagwada pafupi ndi kawindo, atafulatira khoma.

"Bambo, ndine mayi a Febby. Ndikupita kwathu. Ndinakulakwirani, mundikhululukire. Sindinafune kukunyozani. Tsopano ndachoka, chonde idyani."

Kenaka mkatimo munamveka mawu okoka, olemera, ngati lilime likukana. Ndipo anali a Chichewa, kuti iyenso amve.

"Manase. Kenan. Bwerani kuno."

Awiriwo anathamanga, naima pakhomo monga mwa chizolowezi.

"Lowani," anatero a Yotamu. "Wodwala si chitseko, wodwala ndine."

Analowa. Towera anasendera pakhomo, mwana ali m'manja.

"Mwana wa eni akupita kuti?"

"Kwawo, adada," anatero Manase. "Kuti inu mudye. Manyazi amene anakuchititsani aja..."

"Ndani anakuuzani kuti ndi manyazi? Munandifunsa?"

Mkuluyo anapuma nthawi yaitali, akusonkhanitsa mawu.

"Munthu akadya, amapita kuthengo. Ine ndipitako bwanji? Chigwereni m'munda muja, ndakhala ndikugona m'zonyansa zanga, inu mukuimba pabwalo. Tsiku lija mwana uyu anandisambitsa, ndinagona ngati munthu. Kenaka ndinamva mukumutukwana. Ndiye ndinati, wondisambitsa wachiwiri sadzapezeka. Bola m'mimba mukhale mopanda kanthu, ndife ndili woyera."

Kunja kuja Chrissie anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma kulira kunamupulumukabe.

"Kenan," anapitiriza mkuluyo, "ine ndi iwe tayendera odwala zaka zambiri. Tinkaima pomwe umaimapo. Ndadziwa tsopano chimene ankamva ali mkati."

Manase anagwada pambali pa bedi. Anatukula bulangete, ndipo ulendo uno sanayang'ane kudenga. Ataona msanawo analira mokweza, kulira kwa mwamuna wamkulu kumene kumachititsa mantha. Towera anatsitsa Febby pansi, nathamangira m'nyumba mwake, namenyetsa chitseko. Patapita kanthawi nayenso anamveka akusisima mkatimo. A Kenan anaima ngati chitsa. Kenaka pang'onopang'ono anavula jekete lawo lija, nalipachika pamsomali, nayamba kupinda malaya m'mikono.

"Mawa ndiitana amuna a mpingo," anatero ndi mawu osasa. "Tizisinthana. Lero ndiyamba ine."

Febby anali atathamangira kale kuseri, n'kudziponya pa amake. Chrissie anamukumbatira molimba mpaka mwana anadandaula. Ali choncho, anaona mapazi a mwamuna wake ataima patsogolo pake. Manase anagwada m'fumbi momwemo, maso ali psuu.

"Mayi a Febby, musapite. Ndalakwa ndine. Munagwira ntchito yanga, ine n'kukuthamangitsirani pomwepo."

Chrissie anamuyang'ana. Mtima wake unali usanapole, ndipo sanafune kunamizira.

"Dzulo ankandilanda mwana, inu mukukumba pansi ndi kamtengo."

"Ndikudziwa."

"Bambo anu akanapanda kulankhula, bwenzi pano ndili pamsewu."

"Ndikudziwa, mayi a Febby."

Mkatimo a Yotamu anaitananso, ati mkamwana awatenthetsere madzi, osambitsa alipo, ndipo akatha awaphikire kanthu kofewa poti njala yawapweteka.

Kumsewu lore ya ku Chilumba inaliza hutala, nidikira pang'ono, nilizanso. Manase anamuyang'ana mkazi wake osaphethira. Chrissie anaimirira, nabereka Febby kumbuyo ngakhale anali wamkulu kale woyenda yekha, namanga mbereko mfundo ziwiri. Sananene kuti wakhululuka. Analunjika kukhitchini n'kuyamba kuthyola nkhuni, ndipo lore ija inanyamuka. Katundu wake anamusiya pomwepo pabwalo, kuti amene anamumangitsa amunyamule okha kubwezera m'nyumba, mudzi wonse ukuona.