Mfundo Ziwiri za Kachangu

Panali mtsikana wina wa zaka zisanu ndi chimodzi. Kunyumba ankamutcha Kachangu. Ankadya mwachangu. Ankasamba mwachangu. Ngakhale kupepesa, ankapepesa ali kale panja.

Kachangu ankalakalaka chinthu chimodzi. Ankafuna kupita kusukulu limodzi ndi mlongo wake wamng'ono. Ankafuna kumugwira dzanja pamsewu, anzake onse akuona.

Mlongo wakeyo anali ndi zaka zitatu. Ankamutcha Phwiti. Kathupi n'kochepa, koma phokoso lake, eee! Phwiti anali ndi mawu amodzi okha apamtima.

"Ndekha!"

Amayi akafuna kumudyetsa, "Ndekha!" Abambo akafuna kumukweza pampando, "Ndekha!" Phala linkathera m'makutu, koma iye ali, "Ndekha!"

Sukulu ya mkaka inali pafupi ndi sukulu ya Kachangu. Aphunzitsi a kumeneko anali atanena kale. "Mwana abwere atasiya matewera. Azitha kupita kuchimbudzi yekha."

Ndiye amayi anagula kapoti kobiriwira, kachimbudzi ka ana. Anakaika kubafa, kuseri kwa chitseko. Anagulanso kachikwama ka sukulu. Anakapachika pamsomali, pamene Phwiti ankakaona.

Abambo anali telala. Ankasokera m'chipinda cha kumaso. Anasokera Phwiti kabudula wofiira. M'chiuno mwake anaikamo kachingwe.

"Tamvera, Phwiti," anatero abambo. "Tsiku lililonse ukapanda kudzikodzera, ndizijambula nyenyezi pachitseko ichi. Zikakwana zisanu ndi ziwiri, Lolemba ukuyamba sukulu."

Anatenga choko chawo cholembera nsalu. Lolemba, nyenyezi. Lachiwiri, nyenyezi. Pofika Lachisanu, nyenyezi zinali zisanu. Phwiti ankaziwerenga ndi chala, koma ankalumpha yachitatu.

Sabata yomweyo, Kachangu nayenso anaphunzira chake. Anaphunzira kumanga zingwe za nsapato. Kupinda, kuzunguliza, kukoka. Ndipo sankamanga kamodzi ayi.

"Mfundo imodzi imamasuka," ankatero. "Ziwiri ndiye zenizeni."

Anamanga nsapato zake. Anamanga katani. Anamanga zogwirira za chikwama cha amayi. Anamanganso tepi yoyezera ya abambo.

"Iwe Kachangu," anaseka abambo, "tsiku lina udzatimangirira tonse pampando."

Loweruka m'mawa amayi anapita kuntchito. Ankakonza anthu tsitsi ku saluni. Abambo anali ndi kasitomala, bambo wina wamtali wofuna jekete.

Phwiti anavala yekha kabudula wake wofiira. Anangopiringiza kachingwe kaja, monga mwa masiku onse. Kabudulayo ankatsika pang'ono akamathamanga.

"Tabwera kuno ndikumangire," anatero Kachangu.

"Ndekha!" anatero Phwiti.

"Iwe sudziwa. Taima bwino."

"Ndekha, achemwali!"

Koma Kachangu anali atagwira kale kachingwe. Kupinda, kuzunguliza, kukoka. Kenako kachiwiri. Kupinda, kuzunguliza, kukoka. Mfundo ziwiri, zothina kuti gwa!

"Waona? Tsopano sakuvukanso," anatero Kachangu. Anatuluka panja kukalumpha chingwe ndi anzake.

Patapita nthawi, anamva mawu kuchokera m'nyumba.

"Achemwali!"

"Dikira!" anakuwa Kachangu. Anali atalumpha makumi awiri osaphonya.

"Achemwaliii!"

"Ndati dikira!"

Kenako kunangoti zii.

Kachangu ataphonya, anakumbukira. Anathamangira m'nyumba. Anapeza Phwiti ataima kubafa, pafupi penipeni ndi kapoti. Anali atafika nthawi yabwino, mwana wa eni. Koma tizala take tinali tikulimbanabe ndi mfundo zija. Kabudula anali atanyowa. Masokosi anali atanyowa. Pansi panali kathamanda.

Phwiti sanalire mokweza.

Kachangu anamuyandikira. Anagwada msanga. Anakoka mfundo ndi zala. Inakana. Chingwe chonyowa sichimva za munthu. Anakanda ndi zikhadabo mpaka zinawawa. Mfundo yoyamba inamasuka. Yachiwiri nayo inamasuka.

Pomwepo abambo anatulukira, tepi ili m'khosi.

"Ogo! Chachitika n'chiyani, Phwiti?"

"Wakana," anatero Phwiti chapansipansi. "Kabudula wakana."

Abambo anayang'ana kachingwe. Kanali lendelende, kopanda mfundo.

"Aa, kabudula sakana, mwana wanga. Unachedwa basi. Usadandaule. Zimachitika."

Kachangu anafuna kuulula zoona. Anaopa. Anaopa kuti abambo amukalipira. Anangotenga chokolopera n'kuyamba kukolopa.

"Taonani mwana wothandiza," anatero abambo.

Mawu amenewo anamuwawa Kachangu kuposa kukalipiridwa.

Masana Phwiti anavala kabudula wina. Nayenso anali wa kachingwe. Mkodzo utamugwira, Phwiti sanapite kubafa. Anayang'ana kachingwe. Anayang'ana zala zake. Kenako anakabisala kunsi kwa tebulo lodulirapo nsalu. Anadzikodzeranso kumeneko.

Amayi atabwera, abambo anawauza zonse.

"Kawiri tsiku limodzi?" anafunsa amayi. Anakhala pampando, nsapato asanavule. "Mwina tamufulumiza, bambo a Kachangu. Kuthamanga si kufika. Adikire chaka chamawa."

Chaka chamawa! Kachangu anayang'ana kachikwama pamsomali.

Amayi anatsegula kabati. Anatulutsa matewera aja. Anachotsa kachikwama pamsomali. Anakaika pamwamba pa kabati, kuti Phwiti asamakaone. Abambo anafufuta nyenyezi ndi chigamba. Anafufuta pang'onopang'ono, imodziimodzi.

Phwiti anangoyang'ana msomali wopanda kanthu.

Lamlungu m'mawa, m'nyumba munali zii. Amayi anabweretsa phala. Phwiti anangoyasamula kuti amudyetse. Abambo anabweretsa malaya. Phwiti anangokweza manja kuti amuveke. Palibe anamva "Ndekha!"

Kachangu anayesa kumuseketsa. Anavala mbale kumutu. Phwiti sanaseke. Anamupatsa sipuni.

"Idya wekha, Phwiti. Paja umatha."

"Sinditha," anatero Phwiti.

Kachangu anakankhira phala lake pambali. Ndikanamumvera, anaganiza. Ndikanamusiya amange yekha. Ndikanabwera ataitana koyamba. Ndikananena dzulo lomwe. Ndikanatero, ndikanatero, ndikanatero. Zonsezo sizinabweze nyenyezi ngakhale imodzi.

Anapita m'chipinda chosokera. Abambo anali akuthira mafuta m'makina. Amayi ankapinda matewera. Kachangu anaima pakhomo. Tsiku limeneli sanachite changu.

"Amayi. Abambo. Phwiti sananame."

"Ukuti bwanji?" anafunsa amayi.

"Kabudula anakanadi. Ndinamumanga ndine. Mfundo ziwiri." Misozi inayamba kutsika. "Anati amanga yekha, ine ndinakana. Anandiitana kawiri, ine ndinati dikira. Anafika pakapoti nthawi yabwino. Ndinamasula abambo asanaone."

Amayi anasiya kupinda. Abambo anaika mafuta pansi.

"Bwanji sunanene dzulo?" anafunsa amayi.

"Ndinaopa."

"Walakwa, mwanangu. Kumanga kuja kunali kufuna kuthandiza. Koma kubisa kuja, ayi. Mlongo wako wasenza mlandu wosakhala wake."

"Pepani, amayi."

"Wofunika kumupepesa ali uko."

Abambo anagwira mutu. "Koma inenso!" anatero. "Telala wa zaka zonsezi, n'kusokera mwana wa zaka zitatu kabudula wa chingwe? Ndipo mwana anandiuza yekha kuti wakana. Ine n'kumutsutsa."

"Nanga ine?" anatero amayi. "Ndinathamangira matewera osamufunsa n'komwe. Changu chimenechi mwanayu anatengera kwa ine."

Kachangu anapita kwa Phwiti. Anamupeza atakhala pansi pa msomali uja. Anagwada patsogolo pake.

"Pepa, Phwiti. Si iwe unalephera. Ndine ndinamanga kwambiri."

Phwiti anamuyang'ana.

"Munati dikira," anatero.

"Eya. Ndinatero. Pepa."

"Ndinadikira."

Kachangu analiranso. Phwiti anamupukuta tsaya ndi kadzanja kake komata phala.

Abambo anaitana onse awiri. Anatenga kabudula wofiira. Anasolola kachingwe kaja, fyuu! Anadula lasitiki. Anabaya pini kunsonga kwake.

"Kachangu, ntchito iyi ndi yako. Lowetsa lasitikiyu m'chiuno mwa kabudula."

Kachangu anakankha pini. Inayenda pang'ono. Anakankhanso. Inayendanso pang'ono. Atafuna kufulumira, pini inatseguka n'kumubaya chala.

"Mayo!"

"Lasitiki safuna changu," anatero abambo.

Kachangu anayambiranso. Pang'ono, pang'ono, mpaka pini inatulukira mbali ina. Abambo anasoka nsonga ziwirizo pamakina. Kenako anasolola zingwe m'makabudula onse n'kuikamo lasitiki.

"Tayesa, Phwiti," anatero amayi.

Phwiti anakana ndi mutu. Amayi sanamukakamize. Anangoika kabudulayo pampando.

Kabudula anakhala pampando m'mawa wonse. Manja a Kachangu ankayabwa. Ankafuna kumutenga n'kumuveka Phwiti. Koma anaika manja kumbuyo. Anagwira dzanja lina ndi linzake.

Masana Phwiti anayandikira mpando. Anakoka lasitiki. Anamusiya, phwa! Anakokanso. Phwa! Analowetsa mwendo umodzi. Analowetsa wina. Anakweza kabudula. Anatsitsa. Anakweza. Anatsitsa.

"Sakukana," ananong'ona.

"Sakananso," anatero Kachangu.

Koma nyenyezi zinali zitafufutidwa. Zinafunika kuyambiranso. Lolemba lija Kachangu anapita kusukulu yekha. Anadutsa pageti pa sukulu ya mkaka. Ana atsopano ankalowa ndi tizikwama tawo. Phwiti akanakhala pomwepo. Kachangu anayang'ana pansi mpaka anadutsa. Tsiku limenelo linamutalikira kwambiri.

Amayi anakalankhula ndi aphunzitsi. Aphunzitsi anavomera kusunga malo sabata imodzi yokha.

Lolemba, nyenyezi. Lachiwiri, nyenyezi. Lachitatu Phwiti anaitana ali kubafa.

"Achemwali!"

Kachangu anataya pensulo. Anafika asanaitane kachiwiri.

"Ndabwera! N'chiyani? Ndikuthandize?"

"Ayi," anatero Phwiti. "Taonani basi."

Anali atamaliza kale. Anali atakweza kabudula. Anali pakampando, akusamba m'manja. Madzi anali ponseponse, sopo ali pansi. Kachangu anawerama kuti atole sopo.

"Ndekha!" anakuwa Phwiti.

Ha! Mawu aja anabwerera. Abambo anaimitsa makina kuti amve bwino.

Lamlungu nyenyezi zinakwana zisanu ndi ziwiri. Yomaliza anajambula Phwiti mwiniwake. Inkaoneka ngati kangaude, koma palibe ananena. Amayi anatsitsa kachikwama pakabati. Anapukuta fumbi.

Lolemba m'mawa Phwiti anavala yekha. Kabudula wofiira anamuvala chotembenuza. Thumba la kumbuyo linali kutsogolo. Kachangu anaona. Amayi anaona. Abambo, telala weniweni, anaona mpaka maso anawawawa. Onse atatu anaika manja kumbuyo.

Anapita onse limodzi. Kachangu anagwira Phwiti dzanja pamsewu. Anayenda pang'onopang'ono, mayendedwe a Phwiti. Anzake a Kachangu anawapitirira. Iye sanadandaule.

Atafika pageti, Phwiti anasolola dzanja lake.

"Ndekha," anatero.

Analowa osacheuka. Amayi anapukuta m'maso.

"Dzana lomweli anali kumsana kwanga," anatero.

"Tsitsi lalowa m'diso, eti?" anaseka abambo. Koma nawonso ankaphethira kwambiri.

Mwadzidzidzi Phwiti anabwerera akuthamanga. Chingwe cha nsapato yake chinali chitamasuka. Anadutsa amayi. Anadutsa abambo. Anaima patsogolo pa Kachangu. Anatambasula phazi.

"Ichi sinditha," anatero. "Mangani, achemwali."

Kachangu anagwada pafumbi. Kupinda, kuzunguliza, kukoka. Zala zake zinafuna kubwereza. Anaziletsa.

"Imodzi yokha?" anafunsa Phwiti.

"Imodzi yokha," anatero Kachangu. "Kuti ukamasule wekha."