Chonyambita Zitseko ku Caledonia

Zinayamba ndi sopo. Mayi Agnes anasiya chibenthu cha sopo wobiriwira pamwala wochapira, kuseri kwa kanyumba kawo ka matabwa ku Caledonia, kumalire a Harare, ndipo kutacha sanachipeze. Sanadandaule, poti makoswe a kumeneko amadya ngakhale kandulo. Koma m'mawa wotsatira anapeza duku lawo, lija ankavala poyenda padzuwa ndi dengu la tomato, litatafunidwa pachingwe pomwe analiyanika kuti liume thukuta. Linali lonyowa ndi dovu. Chingwecho chinali chokwera, choti eni akewo ankachita kuima ndi zala za kumapazi kuti achifikire.

Anapita nalo kwa mnansi wawo, mayi Martina, amene makolo awo anachokera ku Katete. Awiriwa ndiwo okha mumsewu wonsewo ankalankhulana Chichewa. Mayi Martina analiyang'ana dukulo koma sanalikhudze.

"Asisi, izi si za khoswe," ananong'ona. "Muli nawo mchere wa miyala?"

Mayi Agnes sanafunike kuuzidwa kawiri. Malemu amayi awo anawaphunzitsa ali mtsikana kupulazi, famu imene anakulira, kuti choipa chausiku sichidumpha mchere. Madzulo omwewo anauwaza pakhomo ndi m'ngodya zinayi za nyumba, nagona mtima uli m'malo.

Unali mwezi wa Okutobala, malata akali otentha mpaka pakati pa usiku, tulo tosagwira. Agalu a kudambo ndiwo anayamba kuuwa, kenaka anangoti zii onse pamodzi. Ndiye kunamveka kaphokoso kouma, ngati munthu akuthyola zala: kha, kha. Kankaduka, n'kuyambanso pafupi. Kanadutsa pachitsime, kanazungulira chimbudzi, n'kudzaima pakhomo. Mpweya wofunda unalowera pansi pa chitseko, ukununkha masamba ofwanyika. Kenaka china chake chinayamba kukhwekhwereza pathabwa la m'munsi, pang'onopang'ono, mosatopa, chitseko chonse chikugwedera.

Kutacha mchere wonse unali utatha, ndipo m'matope a pachitsime munali ziboda ngati za ng'ombe. Ku Caledonia kulibe amene ali ndi khola. Madzulo anawaza mchere wochuluka kuposa dzulo, poganiza kuti woyambawo unachepa. Chinthucho chinabweranso, ndipo chinakhalitsa.

Anthu a ku Caledonia akhoza kusowa madzi, magetsi ndi misewu, koma nkhani sasowa. Sabata isanathe, mayi wina anali ataona chimunthu cha nyanga chitaweramira denga la mayi Agnes. Wina anati ankachimva chikulankhula nawo. Mwana wa pa nyumba ya njerwa atayamba kutsegula m'mimba, palibe anatchula chitsime chokumbidwa moyandikana ndi chimbudzi. Ankati a ku Malawi aja amayenda ndi zilombo zawo za gule, ndipo mayi ameneyu chake chamutsatira kuchokera kupulazi. Tomato wawo anayamba kuolera m'dengu.

Loweruka kunabwera bambo Collen, wapampando wa komiti ya mumsewumo, amene ankagawa ndi kulanda malo ngati ndi mbatata za m'munda mwawo. Anaima kunja kwa mpanda, manja m'thumba.

"Amayi, ine sindikuti ndinu muroyi, mfiti," anatero. "Koma anthu atopa. Chinthu chanucho chikapondanso mumsewu muno, muzule matabwa anu mubwerere kwanu."

"Kwathu kuti, bambo? Ndinabadwira papulazi ku Goromonzi. Ku Dedza ndimangomva dzina."

"Zimenezo si za komiti."

Mawuwo anawawawa kuposa mantha a usiku. Papulazi anachotsedwapo, amuna awo anagona kumanda a anthu osawadziwa, ndipo kanyumba aka, ka matabwa ogula amodziamodzi, ndiko kokha padziko lapansi kamene akanati n'kawo. Usiku umenewo anakhuthula pakhomo mchere wonse umene unatsala, nakhala tsonga pamphasa. Anali atatopa n'kuopa chinthu chosachiona.

Mwezi unali utakwera pamene kaphokoso kaja kanayamba. Kha, kha. Mayi Agnes anakwawa mpaka pakhoma, pomwe thabwa lina linali ndi kaboo, naikapo diso. Poyamba anangoona mdima ukusuntha. Kenaka mdimawo unatembenuka, mwezi n'kuuwalira: msana wotuwa wofika pafupi ndi malata, chikopa cholendewera pakhosi, nyanga zopotana zolunjika kumwamba. Nthiti zinkaoneka zonse. Chinaweramitsa mutu, chinatulutsa lilime, n'kuyamba kunyambita mchere pakhomo, maso chitatsinzina ngati mwana woyamwa. Chitasuntha mwendo wakutsogolo, phokoso lija linamvekanso.

Inali ntchefu, tonde wokalamba. Mayi Agnes anaidziwa. Mwini pulazi lija ankasunga ntchefu mumpanda wa waya, ndipo bambo awo ndiwo ankaziikira zibuma za mchere m'mbiya zodula. Atonde ake akamabwera madzulo, miyendo yawo inkalira chomwechi, koma zaka zinali zitawaiwalitsa mayi Agnes. Iyi kaya inathawa mpanda wa ndani, kaya inkabisala m'bango la kudambo, njala ya chilimwe ikuikankhira kwa anthu. Inayamba ndi sopo ndi thukuta la m'duku, kenaka iwo eni n'kumaiyalira phwando usiku uliwonse. Anaseka chamumtima, misozi ikutsika. Inawamvetsa chisoni nyamayo, yoyenda yokha pakati pa nyumba zimene zinamera pomwe panali msipu.

Itachoka, anatuluka ndi tsache ndi ndowa. Anasesa mchere wonse, anatsuka chitseko, anakhuthulira madzi m'ngodya zonse mpaka panalibe kanjere. M'bandakucha anakwera kombi kupita ku Mbare kukaoda tomato, ali wopepukidwa ngati atula mtolo wa nkhuni.

Anabwerako dzuwa likulowa. Polowa mumsewu mwawo anaona mizere yoyera pakhomo lililonse, kuyambira kwa bambo Collen mpaka kwa mayi Martina. Mchere wa miyala unali utatha m'kagolosale. Anthu anali atamva kuti ndiwo mankhwala ake, ndipo aliyense ankadzitchinjiriza kwa mayi Agnes. Anaima ndi dengu pamutu, akufuna kugogoda penapake, koma zitseko zinkatsekedwa akamayandikira. Anati awauza mawa anthu akadzuka. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Usiku umenewo sanagone. Anamva ntchefu ikuchokera kudambo, inaima pakhomo pawo, inanunkhiza, inafwenthera, n'kupitirira. Kha, kha, kutsika ndi msewu. Chitseko cha mayi Martina chinayamba kugwedera. Kenaka china, kenaka china. Mwana analira n'kutsekedwa pakamwa. Kwina bambo ankafuula dzina la Yesu, kwina ndowa inagubuduzika. Palibe amene anatsegula zenera. Zinatha tambala atalira.

Kutacha msewu wonse unali pampanda wawo. Ziboda zinali pakhomo lililonse, zitseko zili ndi mikwingwirima ya dovu. Bwalo la mayi Agnes lokha ndilo linali loyera, mizere ya tsache ikuonekabe.

"Ndi nyama chabe, abale anga," anatero mayi Agnes. "Ndaiona ndi maso angawa. Ntchefu, ija mumati mhofu."

"Mhofu ndi mutupo wanga, chiwongo cha makolo anga, amayi," anatero bambo Collen. "Musaulowetse m'zonyansa zanu. Mhofu mu Harare? Ndipo nyama yanji yogogoda nyumba zonse n'kulumpha imodzi?"

"N'chifukwa kwanga kulibe mchere. Imabwerera mcherewo. Sesani, tsukani zitseko, simudzaionanso."

Anthu anayang'anizana. Mayi wa mwana wodwala uja anamukokera mwanayo kumbuyo kwake.

"Mwamva?" anatero. "Akuti tichotse mchere. Tichotse kuti chilowe m'nyumba!"

"Martina, auzeni," anatero mayi Agnes. "Inu ndinu munandiuza za mcherewu."

Mayi Martina anayang'ana pansi. Nawonso anali wobwera, ndipo ankadziwa bwino kuti chala chikachoka pa mnzawo chikaloza ndani. Anayankha m'Chishona, mokweza kuti onse amve, kuti iwo sadziwa kanthu.

Pofika masana malata anali atatsitsidwa, matabwa atamangidwa pangolo yokankha. Mwini ngoloyo anafunsa kuti akupita nazo kuti, ndipo mayi Agnes anangomuuza kuti ayambe wafika pamsewu wa tala. Ali pakona mayi Agnes anacheuka. Mayi Martina anali atawerama pabwalo lija, mbale m'manja, akuwaza mchere m'mapazi momwe mayi Agnes anaponda.